Galimoto ikayamba kumwa petulo: phunziro la sensa ya okosijeni

Alimi ambiri akagulitsa bwino fodya, soya kapena mtedza amagula galimoto yakale yochokera ku Japan, monga Toyota Probox kapena Corolla, kuti azinyamulira tomato, kachewere ndi kabichi popita kumsika. Galimotozi zimafika zitayenda kale mitunda yambiri, ndipo dandaulo lomwe limamveka kawirikawiri ndi lakuti zayamba kumwa petulo.

Tiyerekeze kuti galimoto yanu inkayenda makilomita 12 pa lita imodzi koma tsopano ikuyenda 9. Ulendo wa makilomita 180 womwe unkatha malita 15 uzitha malita 20. Ngati mumapita kumsika kawiri pa sabata, ndiye kuti mukutaya malita 40 pa mwezi. Amenewa ndi madengu a tomato omwe mukulimira paipi ya utsi. Chimodzi mwa zinthu zomwe zimabweretsa vutoli ndi kachipangizo kotchedwa sensa ya okosijeni.

Ntchito ya sensa

Sensayi imafanana ndi pulagi, ili ndi mawaya, ndipo imamangidwa pa paipi ya utsi pafupi ndi injini. Kampani ya Bosch ya ku Germany ndiyo idaikonza, ndipo idayamba kuikidwa m'galimoto za Volvo mu 1976. Galimoto za kabuleta monga Nissan 1400 ndi Peugeot 504, ndiponso mapikiapu akale a dizilo, zilibe chipangizochi.

Injini ya petulo imayaka bwino pamene makilogalamu 14.7 a mpweya asakanikirana ndi kilogalamu imodzi ya petulo. Sensa imanunkhiza utsi n'kuuza kompyuta ya galimoto ngati muyezowu ukukwana. Uthengawo umapita ngati mphamvu ya magetsi. Ikatsikira ku mavoti 0.1 ndiye kuti petulo wachepa, ikakwera ku 0.9 ndiye kuti wachuluka, ndipo kompyuta imawonjezera kapena kuchepetsa. Sensa siyamba ntchito isanatenthe madigiri pafupifupi 300, n'chifukwa chake za mawaya atatu kapena anayi zili ndi kahita m'kati mwake.

Zizindikiro

Sensa ikatopa, petulo amatha msanga, injini imanjenjemera galimoto ikaima, utsi umada ndi kununkha petulo, mapulagi amachita mwaye, ndipo nyali ya check engine imayaka. Mukalekerera, petulo wosapsa amawononga catalytic converter, yomwe ndi yodula kwambiri kuposa sensa.

Musafulumire kugula

Apa ndi pomwe ambiri amataya ndalama. Sensa ili ngati mthenga, ndipo nthawi zina imakhala ikunena zoona za matenda omwe ali kwina. Musanaiweruze, onani izi:

1. Fyuluta ya mpweya. M'misewu yathu ya fumbi imatsekeka msanga.
2. Mapulagi. Pulagi yosayaka bwino imasokoneza zomwe sensa ikuwerenga.
3. Paipi ya utsi. Ikabowoka pakati pa injini ndi sensa, mpweya wa kunja umalowa, sensa n'kunena kuti petulo wachepa, kompyuta n'kumangothira wina.
4. Timapaipi ta labala ta pa injini, ngati tang'ambika kapena tazuka.
5. Mawaya a sensa ndi fyuzi. Galimoto yonyamula chimanga kapena yogona pafupi ndi nkhokwe imakopa makoswe, ndipo makoswe amatafuna mawaya.

Kuyeza sensa

Zonsezi zikakhala bwino, pitani kwa makaniko yemwe ali ndi makina owerengera kompyuta ya galimoto. Manambala oyambira P0130 mpaka P0135 amaloza sensa ya kutsogolo, ndipo P0135 imanena za kahita kake. P0141 ndi kahita ka sensa ya kumbuyo. P0171 ndi P0172 amangonena kuti petulo akuchepa kapena akuchuluka, satanthauza kuti sensa yafa.

Ngati makinawa palibe, multimeter ya manambala imathandiza. Tenthetsani injini bwino, lumikizani multimeter ku waya wa uthenga osazula sensa, ndipo kwezani injini kufika pa 2,500. Manambala azikwera ndi kutsika pakati pa 0.1 ndi 0.9 kangapo m'masekondi 10. Akangoima pamodzi kapena kumasintha mwaulesi, sensa yatopa. Poyeza kahita, zimitsani injini, zulani cholumikizira ndi kuyeza mawaya awiri a mtundu umodzi. Pa sensa za Denso amakhala akuda, pa za Bosch oyera. Ngati magetsi sakudutsa, kahita kapsa.

Chenjezo: galimoto zina za Toyota zili ndi sensa ya kutsogolo ya mtundu watsopano yomwe manambala ake savina chotere. Imeneyo iyezedwe ndi makina basi.

Kugula ndi kusintha

Galimoto zambiri zili ndi masensa awiri. Ya kutsogolo kwa catalytic converter ndiyo imalamula petulo, ya kumbuyo imayang'anira converter. Dziwani yomwe yafa. Popita ku sitolo tengani nambala ya chasisi kapena sensa yakaleyo, ndipo gulani yofanana nambala, mawaya ndi cholumikizira. Yochotsa m'galimoto yakufa ndi yotsika mtengo, koma simudziwa mitunda yomwe idayenda. Kutsuka sensa yakufa ndi petulo sikuidzutsa.

Posintha tsatani ndondomeko iyi:

1. Imikani galimoto pamalo osatsetsereka ndi kutsekera matayala. Musalowe pansi pa galimoto yokhala pa jeke yokha kapena pa njerwa. Ikani zochirikiza zachitsulo.
2. Injini ikhale yofunda, osati yotentha, chifukwa paipi ya utsi imawotcha koopsa.
3. Masulani waya wa negetivi pa batire.
4. Poperani mafuta omasulira dzimbiri patsinde pa sensa ndi kudikira mphindi 15.
5. Zulani cholumikizira musanayambe kumasula, kuti mawaya asapotokole.
6. Masulani ndi sipanala kapena soketi ya 22. Ikakana, poperaninso mafuta ndi kudikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukakakamiza muwononga mazinga a paipi, ntchito n'kukula.
7. Musakhudze nsonga ya sensa yatsopano ndi girisi kapena mafuta. Zambiri zimabwera zitapakidwa kale mankhwala pa mazinga.
8. Yambani kumanga ndi dzanja kuti ilowe mowongoka, kenaka limbitsani ndi sipanala mosapitiriza muyezo.
9. Bwezerani mawaya m'njira yake, kutali ndi paipi yotentha. Lumikizani batire, ndipo makaniko afufute manambala a vuto aja.

Funsani chomwe chidapha yakale

Sensa imatha ndi ukalamba, koma ina imaphedwa. Kale petulo wokhala ndi mtovu ndiye ankaziwononga, koma maiko a kum'mwera kwa Sahara adamusiya pofika mu 2006. Adani otsala ndi injini yowotcha oyilo, madzi a mu radiyeta olowa m'injini gasiketi ikapsa, silikoni wosayenera yemwe ena amamatira injini, ndi petulo wa m'zigubu wosakanizidwa ndi parafini kapena zinthu zina. Utsi wobiriwira ngati mtambo umasonyeza oyilo, ndipo woyera wosatha injini itatentha umasonyeza madzi. Mukapanda kukonza zimenezi, sensa yatsopano ifanso.

Pomaliza, yesani ngati ndalama yanu yagwira ntchito. Dzazani thanki, lembani makilomita, ndipo podzadzazanso gawani makilomita omwe mwayenda ndi malita omwe alowa. Sungani kabuku kameneka monga momwe mumasungira ka feteleza ndi zokolola. Mlimi wolemba amaona vuto pa malita 5, asanataye malita 40.