Chiphaso cha Puloteni pa Chipata cha Selo

Muulutsi: Kalata yoyamba yachokera kwa mphunzitsi wina wa ku Dedza, amene akufunsa kuti: "Popeza selo lililonse lakutidwa ndi nembanemba, kodi puloteni yopangidwa m'kati mwake imatulukira pati?"

Katswiri: Zikomo aphunzitsi, mwachita bwino, pakuti safunsa adadya phula. Nembanembayo ndi yamafuta, ndipo monga madzi ndi mafuta sizimvana, puloteni, pokhala yaikulu ndi yokonda madzi, siingaiboole mwa mphamvu yake yokha. Iyenera kudzera pa chipata, ndipo pa chipatapo wopanda chiphaso sadutsa.

Titenge insulin, imene imapangidwa m'kapamba. Poyamba imatungidwa ngati mkanda wa timikanda 110, totchedwa ma amino acid, ndipo timikanda 24 toyambirira ndito chiphaso chake. Chiphasocho chikangosuzumira kuchokera mu ribosome, amene ali mmisiri wotunga, pamafika mtumiki wotchedwa SRP, nachigwira, naimitsa ntchito kanthawi, naperekeza mmisiri pamodzi ndi mkanda wake ku chipata chopapatiza, dzina lake Sec61, chimene chili pa nembanemba ya chipinda cha m'kati, endoplasmic reticulum. Pamenepo mkandawo umalowa uli wotambasuka, monga ulusi pa diso la singano, ndipo chiphaso chimadulidwa, popeza ntchito yake yatha. Insulin ikapindidwa ndi kudulidwanso kufikira patatsala timikanda 51, imadikira m'timatumba, timene, shuga akachuluka m'magazi, timaphatikana ndi nembanemba yakunja nitikhuthula katundu wake. Anatiululira za chiphasochi ndi Günter Blobel wa ku New York, amene anazitsimikiza mu 1975 pamodzi ndi Bernhard Dobberstein, nalandira mphotho ya Nobel mu 1999.

Muulutsi: Mayi wina wa ku Nkhotakota, wodwala shuga, akuti atopa ndi kubaya, bwanji insulin osangoimwa?

Katswiri: Pepani amayi, singano ya tsiku ndi tsiku ndi yowawa ndithu. Koma mimba siisiyanitsa insulin ndi puloteni ya m'nyemba kapena ya mu usipa. Zonse imazidula, pakuti zipata za m'matumbo zinapangidwira timikanda tomwazika, osati mkanda wathunthu, ndipo insulin yoduka ilibenso mphamvu. Jekeseni wa pansi pa khungu amalambalala mimba, kuti mankhwala afike m'magazi ali amphumphu. Chotero limbani mtima, amayi, musadumphe tsiku, ndipo tsatirani muyeso umene anakupatsani a kuchipatala.