Inshuwalansi ya Amisiri a Matabwa

Mumzinda wa Mzuzu muli amisiri ambiri a matabwa. Iwo amakhoma mipando, zitseko, makama ndi madesiki. Matabwa awo ambiri ndi a paini wochokera kunkhalango ya Chikangawa.

Mdani wamkulu wa mmisiri ndi moto, pakuti utuchi ndi matabwa ouma sizichedwa kuyaka. Moto ukabuka usiku, macheka, nyundo, ngakhale mipando yomwe eni ake analipira kale, zonse zimasanduka phulusa. Anthu a ku Mzuzu amazidziwa nkhanza za moto: mu 2015 unatentha laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu.

N'chifukwa chake mmisiri wanzeru amagula inshuwalansi. Chaka ndi chaka amapereka ndalama kukampani monga NICO, yomwe inayamba mu 1971. Opereka ndalama amakhala ambiri, koma ogweredwa tsoka amakhala ochepa. Motero kampani imatapa pa ndalamazo ndi kubwezera amene katundu wake wapsa. Koma wotentha dala malo ake salandira kanthu, chimodzimodzinso amene analeka kulipira.

Mafunso
1. Kodi matabwa a paini amachokera kuti?
2. Ndani amene salandira ndalama moto ukabuka?