Amene aima pamphambano: phunziro lochokera ku yunivesite ya Chicago

Musathamangire zigege kaye, ndipatseni mphindi zisanu basi.

Sabata yatha ku kalabu ya mtsutso mutu udali wakuti "Tsankho pasukulu pano lidatha." Ine ndidali kumbali yovomereza, ndipo ndidalankhula modzidalira ndithu. Ndidati atsikana adawamangira zimbudzi zatsopano, ndiye za jenda tidathana nazo. Ndidatinso anzathu aulumali ali ndi chimbudzi chopanda masitepe, ndiye ufulu wawo ukulemekezedwa. Anthu adawomba m'manja. Kenaka mnzathu wina wamkazi amene amayendera ndodo adakweza mkono n'kufunsa kuti: "Chimbudzi chopanda masitepecho chili kumbali ya anyamata. Cha atsikana chili ndi masitepe atatu. Nanga ine ndizipita kuti?" Kalasi yonse idangoti zii. Ine yankho ndidalibe. Mwiniwake wandilola kulemba nkhaniyi.

Titamaliza, aphunzitsi athu a Social Studies adatiuza kuti funso la mnzathuyo lili ndi dzina lake, ndipo dzinalo lidachokera ku yunivesite. Zomwe adatiphunzitsa ndi zomwe ndidawerenga pambuyo pake ndi zimene ndikufuna tigawane.

Choyamba, tidziwe kuti ku yunivesite anthu sangokopera manotsi ngati ife kuno. Kumakhala misonkhano yomwe akadaulo amabwera ndi zomwe afufuza, n'kuziyala pamaso pa anzawo. Anzawowo amafunsa, amatsutsa, amakonza. Zikapsa amazisindikiza kuti ena awerenge. Ku University of Chicago, m'dziko la America, ophunzira zamalamulo ali ndi magazini yawo yotchedwa University of Chicago Legal Forum. Chaka chilichonse amasankha mutu umodzi, amaitana akatswiri kudzakambirana, kenaka amasindikiza zolemba zawo. M'magazini ya 1989 mudatuluka nkhani ya mayi wina wachikuda, Kimberlé Crenshaw, yemwe panthawiyo ankaphunzitsa zamalamulo ku yunivesite ya UCLA ku Los Angeles ali ndi zaka pafupifupi 30 zokha.

Mayi Crenshaw adayamba ndi milandu yeniyeni. Umodzi mwa iyo udali wa amayi asanu achikuda, pakati pawo Emma DeGraffenreid, omwe adasumira kampani yopanga magalimoto ya General Motors mumzinda wa St. Louis. Nkhani yake idali yotere. Chisanafike chaka cha 1964, kampaniyo sinkalemba ntchito amayi achikuda. Chaka chimenecho dziko la America lidakhazikitsa lamulo la Civil Rights Act loletsa tsankho pantchito potengera mtundu kapena kuti munthu ndi mwamuna kapena mkazi. Amayi achikuda adayamba kulembedwa mochedwa. Ndiye chuma chitasokonekera m'zaka za m'ma 1970, kampani idachotsa anthu potsata ndondomeko yakuti wobwera kumapeto ndiye woyamba kuchoka. Mwaona kale amene adagwa nayo, eti? Amayi achikuda aja, poti iwo ndiwo adali atsopano, ndipo adali atsopano chifukwa kale ankawakana pakhomo.

Mu 1976 khoti lidakana dandaulo lawo momwe adaliperekera. Lidati tsankho la amayi palibe, chifukwa kampaniyo inkalemba amayi kuyambira kale. Koma amayi amenewo adali azungu. Pa za mtundu, khoti lidati akaphatikize nkhani yawo ndi mlandu wina wa tsankho la mtundu womwe udali kale m'khoti. Kuphatikiza ziwirizo, kuti munthu adandaule ngati mkazi wachikuda, khoti silidalole. Mwachidule lidawauza kuti asankhe: mwabwera ngati akazi kapena ngati anthu akuda?

Apa ndi pomwe Mayi Crenshaw adabweretsa fanizo la mphambano. Taganizani misewu iwiri yodutsana. Msewu wina ndi tsankho la mtundu, wina ndi tsankho la jenda. Munthu amene waima pakati angathe kugundidwa ndi galimoto yochokera uku, kapena yochokera uko, kapena zonse ziwiri nthawi imodzi. Ngati othandiza akuti athandiza pokhapokha atadziwa msewu umodzi womwe galimoto idachokera, wovulalayo atsala pomwepo. Maganizo amenewa adawatcha intersectionality, kuchokera ku mawu a Chingerezi otanthauza mphambano. Mawuwa adafalikira mpaka kufika ku bungwe la United Nations: Mayi Crenshaw adalemba nawo zokonzekera msonkhano waukulu wolimbana ndi tsankho la mitundu womwe udachitikira ku Durban, South Africa, mu 2001.

Tsopano tibwerere ku mtsutso wathu. Zomwe ndidachita ine n'zofanana ndi zomwe lidachita khoti lija. Ndidawerenga atsikana, ndidapeza kuti athandizidwa. Ndidawerenga aulumali, ndidapeza kuti athandizidwa. Sindidaname ayi, zonse ziwiri zidali zoona. Koma ponena kuti "atsikana" m'mutu mwanga mudali atsikana oyenda bwinobwino, ndipo ponena kuti "aulumali" mudali anyamata. Mtsikana waulumali sadawerengedwe kulikonse.

Pali mfundo zitatu zomwe ndatolapo, ndipo zingakuthandizeni ngakhale poyankha funso la jenda pamayeso.

Yoyamba: munthu sakhala chinthu chimodzi. Mnzako akhoza kukhala mtsikana, wamasiye, wochokera kutali ndi sukulu, zonse pakamodzi. Mavutowo sabwera pamzere ngati anthu pachigayo, amabwera limodzi n'kupanga vuto lina latsopano. Mnyamata wochokera kutali amatopa ndi ulendo. Mtsikana wochokera kutali amatopanso, koma amaopanso kuyenda yekha kukada, ndiye maphunziro amadzulo amawasiya.

Yachiwiri: tsankho silifuna munthu wankhanza nthawi zonse. Ndondomeko ya ku fakitale ija siinkatchula mtundu wa munthu, koma idapitiriza chilema chakale. Amene adamanga zimbudzi zathu sindikukhulupirira kuti ankafuna kuzunza wina. Adangoiwala kufunsa.

Yachitatu: ukamva kuti "gulu lakuti lathandizidwa," funsa kuti m'gulumo watsala ndani. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lathu limaletsa tsankho pa zifukwa zingapo, kuphatikizapo kukhala mwamuna kapena mkazi komanso ulumali. Phunziro la ku Chicago likutikumbutsa kuti munthu m'modzi akhoza kukhudzidwa ndi zifukwa ziwiri pamndandanda womwewo.

Ena mwina mukuti, "Aise, za ku America zikutikhudza bwanji ife a pa CDSS?" Inenso ndikadatero. Koma taonani, mnzathu uja sadawerengepo za Mayi Crenshaw, komabe adafunsa funso lomwelo lomwe mayiwo adafunsa. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo adalilemba n'kulipatsa dzina, ife tikadangoseka n'kupita kwathu.

Nayi ntchito yoti muyese nokha. Sankhani chinthu chimodzi pasukulu pano, kaya ndi laibulale, masewero, nthawi ya sitade kapena kasankhidwe ka maprifekiti. Lembani magulu omwe chimawathandiza. Kenaka dzifunseni kuti ndani ali m'magulu awiri nthawi imodzi, ndipo iyeyo zikumuyendera bwanji. Ngati simukudziwa musamuganizire, kamufunseni mwaulemu.

Ife a kalabu tagwirizana kulemba kalata kwa ahedi ndi komiti ya makolo yopempha kuti masitepe a chimbudzi cha atsikana akonzedwe teremu ino isanathe. Lachitatu tikaweruka tikumana m'kalasi ya Fomu 3 kuti timalize kalatayo. Anyamata inunso bwerani, ndipo aliyense atenge cholembera.

Wophunzira mnzanu wa Fomu 3