Opaleshoni Yophwetsa ndi Kukonza Pamimba: Mafunso ndi Mayankho

1. Kodi opaleshoni imeneyi ndi yotani?

Ndi opaleshoni yochotsa khungu lolendewera ndi mafuta a m'munsi mwa mchombo, komanso yomangitsa minofu ya pamimba imene inalekana. Madokotala amaitcha abdominoplasty, pomwe pa Facebook ndi TikTok imatchuka ndi dzina loti tummy tuck. Inayamba kale: mu 1899 dokotala Howard Kelly wa ku Baltimore, ku America, anadula khungu ndi mafuta a pamimba pa wodwala wake, ndipo mu 1967 Ivo Pitanguy wa ku Brazil anafalitsa njira imene madokotala ambiri anatengera. Imasiyana ndi liposuction, yomwe imangopopa mafuta kudzera m'kapaipi, khungu osalichotsa.

2. N'chiyani chimachititsa kuti pamimba palendewere?

Kutsogolo kwa mimba kuli minofu iwiri yaitali yochokera kunthiti mpaka pachinena. Mayi akakhala woyembekezera, minofuyi imapatukana kuti mwana apeze malo. Kwa ambiri mpatawo umatsekeka pang'onopang'ono akachira, koma kwa ena, makamaka amene abereka ana ambiri motsatizana kapena mapasa, umatsala. Mayi wotere akagona chagada n'kudzutsa mutu, pakati pa mimba pamatumphuka ngati mzere wa mbatata, ndipo zala ziwiri kapena zitatu zimalowa pampatapo. Khungu limalendeweranso mwa munthu, mwamuna kapena mkazi, amene anali wonenepa kwambiri kenako n'kuwonda.

M'midzi ya ku Mchinji, monganso m'madera ena, mayi akangochira amamanga m'mimba ndi chitenje. Chitenjecho chimamuthandiza kumva kugwirika akamayenda, koma sichingabweze khungu limene latamuka mopitirira.

3. Kodi mimba iliyonse yaikulu ingakonzedwe ndi opaleshoniyi?

Ayi, ndipo apa ndi pofunika kusamala koposa. Opaleshoniyi imakonza za kunja kokha, pomwe mimba zambiri zimakula chifukwa cha za m'kati. Zotupa za m'chiberekero zimakulitsa mimba ngati ya pakati. Madzi amadzaza m'mimba chiwindi chikawonongeka ndi mowa, matenda a hepatitis B kapena likodzo, ndiponso chifukwa cha TB, khansa kapena vuto la mtima. Kapamba amatupa ndi malungo obwerezabwereza. Mchombo ungatuluke chifukwa matumbo apeza poboolera. Mafuta ozungulira matumbo nawo sachotsedwa ndi mpeni.

Choncho munthu amene mimba yake ikukula osadziwa chifukwa ayambe wapita kuchipatala cha boma cha Mchinji kapena cha mishoni, monga cha Kapiri kapena Ludzi, kuti akamuyeze. Zofunika akatswiri zimatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 110. Mimba yotupa limodzi ndi kuwonda, maso achikasu kapena kutaya magazi mosalekeza siyofunika kudikira nayo.

4. Ndani amene ali woyenera kuchitidwa opaleshoniyi?

Ndi munthu wathanzi, amene sikelo yake yakhazikika kwa miyezi ingapo ndipo sakufunanso kubereka, chifukwa pakati pena pamatamulanso zimene zinasokedwa. Si njira yochepetsera thupi. Wodwala shuga kapena BP ayenera kuyamba wawongolera matendawo, ndipo wochepa magazi ayambe walandira chithandizo. Wosuta fodya amauzidwa kusiya milungu 4 mpaka 6 tsiku lisanafike, chifukwa fodya amachepetsa magazi ofika pakhungu ndipo bala silipola bwino. Madokotala ambiri salola kuiphatikiza ndi opaleshoni yobereketsa, popeza nthawi imeneyo chiberekero chimakhala chisanabwerere m'malo ndipo magazi sachedwa kuundana.

5. Kodi imachitika bwanji?

Wodwala amagonekedwa tulo ndi mankhwala, ndipo ntchito imatenga maola 2 mpaka 5. Dokotala amacheka mopingasa m'munsi mwa mimba, kuchokera pafupa la chiuno la mbali ina kufika mbali inayo. Amasenda khungu ndi mafuta kukwera mpaka kunthiti, koma mchombo amaucheka mozungulira n'kuusiya pamalo pake. Kenako amasoka minofu iwiri ija kuti ikumane pakati, amakokera khungu pansi, n'kudula lotsala. Pomaliza amaboola pena pakhungupo kuti mchombo utulukire, ndipo nthawi zambiri amasiya timapaipi totulutsa madzi a m'bala kwa masiku angapo.

6. Kodi munthu amachira pakapita nthawi yotani?

Masiku oyamba amayenda chowerama chifukwa khungu limakhala lokokeka, komabe amalimbikitsidwa kuyenda pang'onopang'ono kuti magazi asaundane. Amavala lamba wothina pamimba kwa milungu pafupifupi 6. Wogwira ntchito ya mu ofesi angabwerere pakatha milungu 2 kapena 3, koma kunyamula zolemera n'koletsedwa kwa milungu 6 kapena kuposerapo. Kwa mlimi wa ku Mchinji izi zikutanthauza kusagwira khasu, kusakumba mtedza, kusasinja, kusasenza ndowa ya madzi, kusabereka mwana kumsana ndiponso kupewa kabaza pamsewu wa mabampu. Popanda wachibale womusamalira nthawi yonseyi, zosokedwa zingamasuke. Chipsera chimazilala pakatha chaka kapena kuposa, koma sichitheratu.

7. Kodi pali zoopsa zotani?

Vuto lofala ndi madzi osonkhana pansi pa khungu, amene amafunika kuwapopa ndi jakisoni. Ena amataya magazi, bala limachita mafinya kapena kutseguka, mbali ya khungu imafa, ndipo m'munsi mwa mchombo mumachita dzanzi kwa miyezi. Anthu akhungu lakuda amakonda kuchita zipsera zotukuka. Amene anatupa khutu ataboola ndolo ayenera kuuza dokotala. Choopsa koposa ndi magazi oundana m'mitsempha ya m'miyendo, amene akathamangira kumapapo amapha mwadzidzidzi. Kutupa kwa mwendo umodzi, kubanika, kupweteka pachifuwa ndi kutentha thupi ndi zizindikiro zothamangira nazo kuchipatala.

Ndalama zambiri sizichotsa ngozi. Mu October 2005, Stella Obasanjo, mkazi wa pulezidenti wa Nigeria wa nthawiyo, anamwalira ku Spain atachitidwa opaleshoni yopopa mafuta, ndipo khoti linapeza dokotalayo ndi mlandu wosasamala.

8. Kodi munthu wa ku Mchinji angaipeze kuti?

Madokotala a luso lokonza thupi ndi ochepa kwambiri m'Malawi, ndipo m'zipatala za boma nthawi yawo imathera pa anthu opsa ndi moto, ovulala pangozi ndi ana obadwa ndi milomo yong'ambika. Opaleshoni yongokongoletsa imachitikira m'zipatala zolipira, ndipo mainshuwalansi ambiri a zaumoyo salipira. Ena amapita ku South Africa, India kapena Turkey.

Kwa anthu a m'malire, amene kuoloka pa Mwami kupita ku Chipata ndi chinthu cha tsiku ndi tsiku, chipatala cha kunja chimaoneka chapafupi. Koma vuto limadza pobwerera. Kuchokera ku Lusaka kufika ku Chipata ndi makilomita oposa 550, ndipo basi ya ku Johannesburg imayenda kupitirira tsiku lathunthu. Kukhala wopinda miyendo maola onsewo bala lili laliwisi kumawonjezera ngozi ya magazi oundana, ndipo bala likavuta kumudzi, dokotala amene analicheka amakhala kutali.

9. Kodi munthu afunse chiyani asanavomere?

Atsimikize kuti dokotalayo analembetsedwa ngati katswiri ku Medical Council of Malawi, Health Professions Council of Zambia kapena Health Professions Council of South Africa, malinga ndi dziko. Adziwe amene adzamugoneke tulo, ngati chipatalacho chili ndi magazi ndi chipinda cha odwala mwakayakaya, masiku amene ayenera kukhala pafupi asananyamuke, ndi amene adzalipire zinthu zikalakwika. Apemphe kalata yofotokoza zonse zimene zachitika kuti akaonetse kuchipatala cha kwawo.

10. Kodi pali njira zina zosafuna mpeni?

Kuchepetsa mowa, zakumwa zotsekemera ndi zokazinga, kupungula mitanda ya nsima n'kuchulutsa ndiwo zamasamba, komanso kuyenda ndawala, kumachepetsa mafuta a m'mimba. Akatswiri a mafizo amaphunzitsa masewera olimbitsa minofu yolekana, ndipo kulera kumapatsa thupi mpata wobwerera m'malo. Tiyi ndi mapilitsi otsatsidwa pa WhatsApp kuti amaphwetsa mimba nthawi zambiri amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa, ndipo angawononge impso ndi chiwindi. Malamba ndi mafuta opaka sasungunula mafuta a m'thupi. Khungu lotamuka kwambiri limachoka ndi opaleshoni yokha, koma ngati silikuyambitsa zilonda m'mapindiro kapena kulepheretsa kuyenda, kulisiya sikuika moyo pachiswe.