Chimachitika n'chiyani tikamagula mayunitsi a magetsi pa foni?

Ambirife tinagulapo mayunitsi a ESCOM kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Timalemba nambala ya mita, ndalama ndi nambala yachinsinsi, kenako tokeni ya manambala 20 imafika. Zimaoneka ngati ntchito imodzi, koma kuseri kuli mapulogalamu angapo, ena a makampani osiyana.

Aliyense ndi ntchito yake

Pulogalamu yoyamba imatsimikiza nambala yachinsinsi. Yachiwiri imaona ngati ndalama zilipo zokwanira n'kuzichotsa. Yachitatu, ya mbali ya ESCOM, imapanga tokeni yogwira pa mita yanu yokha. Yomaliza imatumiza uthenga. Iliyonse mwa izi akatswiri amaitcha service, ndipo zimalankhulana kudzera pa API, lomwe ndi pangano la kafunsidwe ndi kayankhidwe pakati pa mapulogalamu.

Wotsogolera

Mapulogalamuwa paokha sadziwa woyamba ndi wotsatira. Pamafunika pulogalamu ina yowaitana mwadongosolo, monga wotsogolera kwaya amene saimba mawu onse koma amadziwa nthawi yoti besi ilowe. Njira imeneyi imatchedwa orchestration.

Luso la wotsogolerayu limaoneka zinthu zikasokonekera. Tiyerekeze kuti K5,000 yachotsedwa, koma makina a tokeni sanayankhe. Ndalama zatuluka kwina, vuto lili kwina. Wotsogolera ayenera kufunsanso, ndipo zikakanikadi, alamule kuti ndalama zibwezedwe. Ayeneranso kupatsa malondawo nambala yawoyawo, kuti pofunsanso wogula asalipitsidwe kawiri. Popanda zimenezi, mayi amene watumiza ndalama yake yomaliza agona mumdima, ndalamanso yapita.

Ubwino wake pa bizinesi

Kampani ikafuna kuti anthu azilipiranso madzi kapena fizi pa foni, siyambira pachiyambi. Zotsimikiza nambala yachinsinsi, zochotsa ndalama ndi zotumiza uthenga zimakhala zomwezo. Imangolumikiza service ya bungwe latsopanolo n'kusintha ndondomeko ya wotsogolera. Kuipa kwake n'kwakuti wotsogolerayo akaima, zonse zimaima, choncho amafunika kumusamala kuposa ena onse.

Mafunso okambirana

1. Lembani masitepe olembetsera maphunziro pa koleji, kuyambira kulipira mpaka dzina kuoneka m'kaundula. Ndi ati amene angaime paokha?
2. Ngati banki yalandira fizi koma kaundula sakusonyeza, ndani ayenera kuzindikira msanga, ndipo achite chiyani?