Wailesi ikamangoti shwii ku Chifunda: mmene eriyo ya TV ingathandizire

Chifunda ili m'chigwa cha Luangwa, pansi pa mapiri a Muchinga. Mafunde a FM, apakati pa 87.5 ndi 108 MHz, amayenda mowongoka ndipo zitunda zimawatchinga. N'chifukwa chake wailesi yomveka bwino ku Lundazi ikafika kuno imangolira shwii. Musanagule ina, ikwezereni eriyo.

1. Sankhani eriyo yoyenera. Zakale zija za timitengo titalitali ndizo zabwino. Za digito zili ndi timitengo tifupitifupi, motero FM siziikoka kwenikweni. Ngati muli ndi yotereyi, mangirirani waya wa masentimita 75 pa sikuluwu iliyonse mwa ziwiri zimene kebulo imalowapo, wina aloze uku wina uko. Dishi ya satelayiti singathandize.

2. Imangeni pa nsungwi yaitali, ipitirire denga. Italikirane ndi malata komanso mitengo ya masamba ambiri.

3. Tsitsani kebulo ya TV mpaka m'nyumba, ikhale yaifupi ndiponso yopanda mfundo. Sendani kumapeto kwake. Waya wapakati mukulungize pa eriyo ya wailesi mutaipinda. Timawaya toluka takunja tisagundane ndi wapakatiyo. Ngati wailesi ili ndi polowetsera eriyo kumbuyo, lowetsani pamenepo.

4. Itanani mnzanu. Wina azizunguza nsungwi pang'onopang'ono, wina ali pa wailesi kumvetsera. Yambani mwaloza ku Lundazi, kumene kuli Radio Chikaya, kenako ku boma la Chama. Funaninso ZNBC Radio 1, imene imaulutsa m'Chinyanja ndi zilankhulo zina. Yesani timitengo titagona, yesaninso titaima. Pomwe mawu ayera, mangani zolimba.

5. Phokoso likapitirira, zimitsani inveta ya sola, matchaja a foni ndi mababu a LED chimodzichimodzi. Chimene chikusokoneza chidziwika, ndipo muchiike patali ndi wailesi.

6. Matani polumikizira panja ndi tepi kapena mphira wa chubu kuti madzi asalowe.

Chenjezo lalikulu ndi mphezi. Kuyambira Novembala mpaka Malichi, mabingu akangoyamba, chotsani kebulo pa wailesi, muiponye panja, ndipo ana asayandikire nsungwiyo. Musakwezenso eriyo pafupi ndi mawaya a magetsi.

Eriyo ikakhazikika, itanani a pakhomo loyandikana adzamve. Nkhani za nyengo, za feteleza ndi za katemera wa ana n'zofunika mudzi wonse.