Chotupa cha Pamwamba pa Impso ndi Njira Yochiunikira

Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kolemera pafupifupi magalamu 5, kamene madokotala amakatcha adrenal. Ina mwa ntchito zake ndiyo kutulutsa timadzi totchedwa adrenaline, timene timagunditsa mtima msanga munthu akadzidzimuka, monga akakumana ndi njoka m'munda. Pakamera chotupa m'kachiwaloka, timadzito timatha kutuluka mopyola muyeso ngakhale palibe choopsa chilichonse.

Kwa akulu chotupa chotere chimatchedwa phaeochromocytoma. Mutu umawawa mwadzidzidzi, thukuta lili kamukamu, mtima ukugunda koopsa, magazi nathamanga kwambiri. Pakapita kanthawi zonse zimaleka ngati sikunachitike kanthu. Kubwera ndi kuchoka kotereku kumachititsa ena kuganiza za kulodzedwa, nataya miyezi yambiri asanafike kuchipatala. Nthendayi njosowa ndithu, ndipo ochuluka mwa amene amalandira mankhwala a kuthamanga kwa magazi pa chipatala cha Neno, ku Lisungwi ndi m'zipatala zazing'ono alibe chotupa. Komabe wachinyamata amene wamwa mankhwala a mitundu itatu popanda kusintha ayenera kufotokoza zonsezi kwa dokotala. Kuyambira chaka cha 2015 Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo akhala akuona odwala matenda a mgonagona m'zipatala za m'bomali, choncho pokafotokozera palipo.

Kwa ana, makamaka osapitirira zaka 5, pali khansa yotchedwa neuroblastoma. Mimba imatupa ndi kuuma, mwana amalira ndi mafupa, amaonda, ndipo nthawi zina m'mphepete mwa maso mumada ngati wamenyedwa. Mwana wotere amatumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene kuli chipinda cha ana odwala khansa.

Makina ounikira m'mimba amaonetsa pamene pali chotupa ndi kukula kwake, koma sanena bwino mtundu wake ngakhalenso konse kumene chafalikira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 akatswiri a pa yunivesite ya Michigan ku America anayamba kugwiritsa ntchito mankhwala otchedwa MIBG. Mankhwalawa amafanana ndi timadzi ta kachiwalo kaja, motero chotupa chimawayamwa mwadyera. Kwa iwo amamatako ayodini wotulutsa cheza chosaoneka ndi maso. Wodwala amabayidwa jekeseni mumtsempha, ndipo m'mawa mwake amagona pansi pa kamera yaikulu imene imagwira chezacho. Paliponse pamene nthendayo yabisala, kaya m'chiwindi kaya m'mafupa, pamaoneka kadontho pa chithunzi. Mwa zotupa 10 za neuroblastoma, pafupifupi 9 zimaoneka mwa njira imeneyi. Apa dokotala amadziwa ngati opaleshoni yokha ikwanira kapena pafunikanso mankhwala a khansa.

Asanabayidwe, wodwala amamwa ayodini wamba woteteza chithokomiro. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa ayenera kuneneratu, ndipo aliyense atchule mankhwala amene akumwa, pakuti ena, monga amitriptyline, amasokoneza chithunzi.

Kuunika kotere kumachitikira m'zipatala zazikulu monga Groote Schuur ku Cape Town ndi Steve Biko ku Pretoria. Kamera yake njokwera mtengo, ndiponso ayodini wa mtundu wa 123 amataya theka la mphamvu yake pa maola 13 alionse, kotero kuti sangasungidwe m'kabati kudikira wodwala monga asungidwira panado.